Macau kaoneni, koma mpamba usawoloke nanu

Kwa amalonda ndi madalaivala a mbali ino ya nyanja, kuyambira Mbamba Bay, Liuli, Lituhi mpaka anzathu a tsidya ku Nkhata Bay. Nyengo ya Canton Fair ikamayandikira, mu April kapena October, funso limabwera lomwelo: popeza tafika kale ku Guangzhou, bwanji tikaoneko Macau? Ena amayankha kuti osapondako, ndi mudzi wa juga. Ine sindiletsa munthu kupita, chifukwa wamkulu ukamuletsa amapitabe mobisa, osakonzeka. Langa ndi limodzi: pitani mutamaliza kulipira katundu, ndipo mpamba utsale ku Guangzhou.

Choyamba ndi viza. Macau ndi gawo la China, Apwitikizi analibweza mu 1999, koma lili ndi boda yakeyake. Mukadutsa pa Gongbei, m'tauni ya Zhuhai, mwatuluka m'China. Ngati viza yanu inali yolowera kamodzi, yathera pomwepo. Katundu ali ku Xiaobei, sutikesi ili kuhotela, ndege yanu ikunyamukira ku Guangzhou, inu muli panja. Ndiye popempha viza ku Dar es Salaam kapena ku Lilongwe, ganizirani zimenezi musanadzaze fomu, mupemphe yolowera kawiri kapena kangapo. Malamulo olowera Macau amasiyana malinga ndi pasipoti. Wa Tanzania ndi wa Malawi sawerengedwa chimodzimodzi, choncho funsani za pasipoti yanuyo, osati ya mnzanu. Safunsa anadya phula. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ndipo khadi lachikasu la katemera likhale m'thumba, makamaka mukadzera Addis Ababa kapena Nairobi.

Kayendedwe sikovuta. Ife ozolowera tsiku lathunthu pamsewu wa Mbinga, Songea, Njombe, Makambako mpaka Dar, tingaseke. Sitima yochokera ku Guangzhou South imafika ku Zhuhai pa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo siteshoni ili pafupi ndi boda, mumawoloka wapansi. Ochokera ku Hong Kong ali ndi mlatho wa makilomita 55 womwe unatsegulidwa mu 2018. Madalaivala dziwani kuti ku Macau galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, pamene ku Zhuhai zimayenda kumanja. Poduka msewu yang'anani kawiri. Zikwangwani zili m'Chitchaina ndi Chipwitikizi, ndiye amene munachitako malonda ku Lichinga kapena Metangula simusochera. Soketi ndi za mano atatu ngati zathu, ndipo WhatsApp ndi Facebook zimagwira popanda vuto, mosiyana ndi ku Guangzhou. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 5 kwa a Tanzania, maola 6 kwa a Malawi, musamadzutse akunyumba pakati pa usiku.

Pewani Loweruka ndi Lamlungu, sabata yoyamba ya October ndi chaka chatsopano cha Atchaina: paboda pamadzaza, mahotela amakwera mtengo. Pakati pa sabata mutha kupita m'mawa ndi kubwerera madzulo, osalipira chipinda. Kuyambira cha mu June mpaka October kumakhala anamondwe. Ife tikudziwa kuti mwera ukawomba bwato silichoka pagombe. Kumeneko akakweza chenjezo la nambala 8, zombo ndi mabasi zimaima. Musaike ulendo wa Macau tsiku loti mawa lake muli ndi ndege.

Tsopano nkhani yeniyeni, ndalama. Ambiri a ife sitinyamula zathu zokha. M'chikwama muli ya mlamu wotuma mafoni, ya mayi wa usipa wotuma makina osokera, ya gulu la chipereganyu, mwina ndi ngongole ya kubanki. Ndalama imeneyo ili ndi eni ake amene akuwerenga masiku kunyumba. Lipirani fakitale, lipirani ajenti wa kontena, tengani marisiti, sungani ya msonkho wa padoko ndi ya lole yobweretsa katundu kunyanja. Chotsala pamenepo, ngati chilipo, ndicho chanu.

Wina anena kuti ine ndimadziwa kudziletsa. Mvetserani mmene kasino imadyera. Mukangotuluka paboda mupeza mabasi aulere opita ku mahotela akuluakulu monga Venetian ku Cotai. Basi yaulereyo alipira ndi amene anakwera dzulo. Masewero otchuka kwambiri kumeneko ndi baccarat, ndipo masamu ake ndi odziwika: pa madola 100 aliwonse oikidwa patebulo, kasino imatsala ndi dola imodzi ndi pang'ono. Zikumveka zochepa, koma ndalama yomweyo mumaiika kambirimbiri usiku umodzi, ndipo ulendo uliwonse imabenthuka. Ife timapindula pogula motsika ndi kugulitsa mokwera. Patebulo paja wogula mokwera ndi inu nthawi zonse. Wapambana lero amabwerera mawa, waluza lero amafuna kubweza yomwe yapita, ndipo onse awiri amathera kufoni, kupempha akunyumba atumize ya tikiti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ngati mwatsimikiza kulawa, tengani ndalama yomwe mungataye m'nyanja osalira, khadi la banki lisiyeni. Ikatha, imirirani. M'kasino salola wosakwana zaka 21, ndipo amasewera ndi madola a Hong Kong, ngakhale ndalama ya Macau ndi pataca, pafupifupi 8 pa dola ya America. Pataca musabwere nayo kuno, ku Songea palibe angakusinthireni. Sinthani kubanki kapena pamalo ovomerezeka. Anthu okunong'onezani za kusintha ndalama kapena ngongole pafupi ndi matebulo akuchita zoletsedwa, ndipo pasipoti yanu musapatse munthu ngati chikole. Kumbukiraninso kuti polowa m'China ndalama yakunja yoposa madola 5,000 imalembetsedwa, ndipo polowa Macau amalembetsa kuyambira mapataca 120,000.

Macau ili ndi zoona zosafuna juga. Khoma la tchalitchi chakale cha St. Paul's, bwalo la Senado, timisewu ta miyala ta Apwitikizi, zonsezi mumayenda wapansi osalipira khomo. Kwa wamalonda, kuona mmene mashopu amayalira katundu ndi mmene amalandirira kasitomala ndi phunziro lomwe mungabwere nalo ku Mbamba Bay. Jambulani zithunzi, idyani bwino, bwererani sitima yamadzulo.

Amene munapitako posachedwa, onjezerani pansipa za mitengo ya sitima ndi nthawi yomwe boda imatseka, tithandize omwe akunyamuka ulendo uno. Ndipo inu otuma anzanu, musachite manyazi kupempha chithunzi cha risiti munthu asanawoloke pa Gongbei. Yendani bwino.