Mpopi Wouma, Chimbudzi Chokiya: Dandaulo la Ife a M'maofesi

Ndife amesenjala, okolopa, alonda ndi makalaliki a m'maofesi a ku City Centre kuno ku Lilongwe. Dzina la ofesi sititchula chifukwa tili ndi ana odyetsa, koma mabwana athu akawerenga adzadziwa okha.

Tsiku lathu limayamba tambala woyamba akalira. Wa ku Chinsapo kapena ku Area 36 amafunika minibasi ziwiri kuti afike ku City Centre: ina yokamutula ku depoti, ina yomunyamula pamenepo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri yachiwiriyo tidaisiya, timangoponda wapansi. Wa ku Kauma amadulira kumayadi a ku Area 12, akuona mapaipi akuthirira kapinga kuseri kwa mipanda. Pofika 7:30 thukuta lili kamukamu, fumbi mpaka m'mawondo, ndipo posukusula nkhope palibe.

Nkhani yaikulu ndi ya madzi. Kumwamba kwa nyumba yathu mpopi umangotulutsa mphepo. Thanki idaboola kalekale, adabwera munthu kudzaiyeza ndi tepi, osabweranso. Ndiye madzi timatunga pampopi wapanja, ndowa pamutu ngati tili kumudzi, kukwera masitepe mpaka pamwamba poti chikepe nachonso chidafa. Mayi wina mwa ife, wazaka zoposa 50, amakwera kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Akafika amatula ndowa, n'kugwira m'chiuno, kupuma kaye asanayambe kukolopa. Tsiku lina adaterereka, bondo lidatupa, ndipo masiku amene adagona kunyumba adamudula pamalipiro.

Chimbudzi chathu n'chimodzi, amuna ndi akazi momwemo. Loko adathyoka, munthu amatsekereza chitseko ndi phazi. Sopo mulibe, pepala aliyense amayenda nalo lake m'thumba. Amayi akakhala kumwezi alibe potaya nsalu, amakulunga m'jumbo n'kubwerera nazo kunyumba m'chikwama momwe muli chakudya. Ena adasiya kumwa madzi masana, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, kuopa kuti angafune kutaya madzi. Madzulo mutu uli waliwali. Kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, pakhomo padaikidwa ndowa yampopi ndi sopo, monga zidalili nthawi ya Covid-19. Mliri utadutsa, sopo adatha, ndipo ndowa ija ndi imene tikukolopera lero.

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, mabwana amaliza galimoto kupita kwawo ku Area 10 kapena Area 43. Ife kwathu n'kutali. Kudya ku memo tsiku ndi tsiku malipiro sangafike pa 15, choncho timanyamula nsima ya m'mawa m'kontena, ndi bonya kapena mpiru. Pofika 12 koloko yazizira, yalimba, nthawi yotentha ndiwo zasasa. Potenthetsera palibe, podyera palibe. Timakhala pamiyala pansi pa mtengo, mvula ikagwa timaunjikana pansi pa masitepe, kudya chobisa ngati taba. Ketulo adatiletsa, ati imatha magetsi, pomwe makapu a tiyi wa kumisonkhano otsuka ndife.

Za mipando musanene. Wa kalaliki wina mwendo umodzi adauchirikiza ndi mafayilo akale, msana ukumupweteka chaka chachiwiri tsopano. Mawindo ena satseguka, fani idaima, chipinda cha anthu awiri tikukhalamo asanu ndi mmodzi. Magetsi akazima, jenereta imayatsa mbali imodzi yokha ya nyumba, koma ntchito imafunidwa panthawi yake. Mlonda alibe kanyumba, usiku wa mu Juni amadzifunditsa makatoni. Mayi wobwera kutchuthi cha uchembere, masabata 8 aja atatha, amakafinyira mkaka m'stolo ya matsache ndi mankhwala okolopera, ataimirira, mnzake atamulondera pakhomo.

Sitikupempha zachilendo ayi. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito lidakhazikitsidwa mu 1997, ndipo limanena za madzi akumwa, zimbudzi zokwanira ndi posamba m'manja. Ena mwa ife tinali tisanabadwe. Makalata talemba, kumisonkhano tayankhula mwaulemu, yankho ndi lomwelija: dikirani bajeti. Tadikira, ndipo tikudikira chomwecho pabwalo padafika galimoto yatsopano ya ofesi.

Mutikhululukire, mabwana, ngati apa mawu alemera, sitinaleredwe moyankha akuluakulu. Koma mtima ukuwawa. Pali chimbudzi china pafupi ndi ofesi yanu, chamatailosi, chamadzi, chathaulo. Amene amachitsuka m'mawa uliwonse ndi mayi wa bondo uja. Akamaliza amakiya, kiyi n'kukapereka kwa sekilitale, kenako amatsika masitepe onse kukaima pamzere wa chimbudzi chopanda loko. Kodi mukamudutsa m'khonde ndi ndowa yake, mumaona munthu? Mukadakhala kuti ndi mayi anu, mukadati adikire bajeti?

Tikonzereni thanki. Tiikireni loko ndi bini ya amayi. Tipatseni benchi limodzi pamthunzi poti tidyerepo, ndi kachipinda koyera ka oyamwitsa. Ndipo pamene zonsezi zikudikira ndalama, kiyi uja apachikidwe pamsomali pomwe tonse tingamufikire.