Mtengo wa Nyumba Satchula ndi Pakamwa Chabe

Amayi anzanga, nkhani ya sabata ino yachokera pa maliro. Mnansi wanga wina atangotsiriza kulira mwamuna wake, kunabwera bambo wovala bwino, nayendera nyumba kunja kokha, natchula mtengo. Mayiyo, pokhala ndi ana a sukulu ndiponso ngongole, anatsala pang'ono kuvomera. Mwamwayi mlongo wake anati ayambe aitana katswiri woyesa mtengo wa nyumba, amene pa Chingerezi amamutcha valuer. Katswiriyo atatha ntchito yake, kunapezeka kuti mtengo woyamba uja unali wongobera mayi wamasiye. Safunsa anadya phula.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira za ntchito imeneyi, ndipo ndikufuna tiiganizire ana athu aakazi.

Kodi katswiri wotere amachita chiyani? Amayeza kukula kwa poloti ndi nyumba. Amaona maziko, ming'alu ya m'zipupa, denga, madzi ndi magetsi, ndiponso ngati chiswe chalowa m'mitengo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amawerenga zikalata za malo kuti adziwe mwini weniweni ndi zaka zimene zatsala pa lisi, imene m'matauni kawirikawiri imakhala ya zaka 99. Kenaka amayerekeza nyumbayo ndi zina zofanana nayo zimene zagulitsidwa posachedwa m'dera lomwelo, kapena amawerengera ndalama zomangira ina yotero n'kuchotsapo za kutha kwake, kapenanso ndalama za lendi zimene ingabweretse. Zonsezi amazilemba m'lipoti nasaina dzina lake. Banki isanakongoze ndalama, khonsolo isanaike msonkho wa nyumba, ndiponso boma lisanapereke chipepeso pogwetsa nyumba kuti pamangidwe msewu, onse amayamba amva mawu a munthu ameneyu.

Chifukwa mawu ake ndi olemera chotere, njira yofikira pa udindowu siifupi. Kwathu kuno mwana ayenera kukhoza bwino mayeso a Fomu 4, makamaka masamu ndi Chingerezi. Akatero angakaphunzire Land Economy ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre, sukulu imene ambirife tinaizolowera ndi dzina lakuti Polytechnic isanaime payokha m'chaka cha 2021. Komatu digiri yokha siikwanira. Wophunzirayo amayamba wagwira ntchito pansi pa katswiri wovomerezeka, kunyamula tepi yoyezera ndi kulemba malipoti amene mkulu wake amawakonza, kufikira akulu a ntchitoyi atakhutira naye namulembetsa m'kaundula. Akatswiriwa ali ndi bungwe lawo lotchedwa Surveyors Institute of Malawi.

Mwina wina anena kuti kumeneku n'kuvutitsa ana. Tiyeni tione zimene zinachitika ku America, kumene anaphunzira nkhwangwa ili m'mutu. M'zaka za m'ma 1980 mabungwe ambiri osunga ndi kukongoza ndalama za nyumba anagwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti nyumba ndi malo zinkalembedwa mitengo yoposa yeniyeni. Choncho m'chaka cha 1989 anakhazikitsa lamulo lakuti oyesa mitengo azikhala ndi ziphaso. Malinga ndi malamulo amene anakonzedwanso mu 2018, wofuna chiphaso choyesera nyumba zokhalamo anthu za mtengo uliwonse ayenera kuphunzira maola 200 m'kalasi, kugwira ntchito moyang'aniridwa maola 1,500 kwa miyezi yosachepera 12, ndi kukhoza mayeso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono mbali yathu ndi iti? Choyamba, mwana wamkazi wokonda masamu tisamulemetse ndi mtondo ndi mtsuko pamene alongo ake akuwerenga. Chachiwiri, akatsiriza sukulu nayamba kuphunzira ntchito pa malipiro ochepa, tisamufulumize kuti akwatiwe kapena kuti adzitche katswiri nthawi isanakwane. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, timuphunzitse kukana. Lidzafika tsiku limene wogulitsa adzamupempha kuti akweze mtengo, kapena wogula adzamunong'oneza kuti autsitse, envulopu ili m'manja. Ngakhale mwamuna wake kapena amalume ake angathe kumupempha zotero. Kukana kumeneko sakuphunzira ku koleji. Amayamwira kwa mayi ake.

Ndipo ife eni, tikafuna kugulitsa nyumba, kuikita chikole, kapena kugawa chuma cha masiye, tifunse ngati wotchula mtengoyo ali m'kaundula, ndipo atipatse lipoti losainidwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma mayi wosadziwa mtengo wa nyumba yake angathe kulandidwa iye mwini atasaina.

Mnansi wanga uja sanagulitse. Anaika wa lendi m'zipinda ziwiri, ndipo mwana wake wamkazi woyamba akuwerenga masamu usiku uliwonse. Tsalani bwino, amayi, tidzachezanso sabata ya mawa.