Chimwemwe Sichidikira Kutsidya kwa Malire

Ife a kuno ku Mchinji tidabadwira pakhomo la dziko. Kuchoka pa Boma kukafika pa chipata cha Mwami ndi mtunda waufupi, ndipo munthu akangodutsa pamenepo, mzinda wa Chipata uli pafupi. Nchifukwa chake ambiri mwa ife tidakula maso ali kunja. Mnyamata akalemba mayeso a Fomu 4 nkusowa chochita, amayamba kunena kuti moyo weniweni uli ku Lusaka kapena ku Joni, kuno nkongodikirira.

Sitikunyoza ulendo ayi. Umphawi ulipodi. Feteleza ngwodula, ndipo mtedza ndi soya zimene tavutikira dzinja lonse mavenda amagula pa mtengo wolira nawo. Koma tiyeni tidzifunse moona mtima: kodi chikutisowetsa mtendere ndi ndalama yokha, kapena nkusadziwa chimene tikukhalira ndi moyo? Pakuti munthu amene mtima wake uli wopanda kanthu kuno, akakwera basi amaunyamula mtima womwewo.

Chisangalalo ndi chimwemwe nzosiyana. Chisangalalo chimabwera ndi foni yatsopano, chimatha pamene yuniti yatha. Chimwemwe chimakhala mwa munthu amene akudziwa kuti Mulungu adamuitana ndi dzina, ndipo pali ntchito imene wamutuma. Kumbukirani kuti Paulo Woyera adalemba kalata yake kwa Afilipi ali m'ndende, komabe m'kalata imeneyo ndimo amabwereza kwambiri za kukondwa. Analibe ufulu, analibe chuma, koma ankadziwa amene adamutuma.

Dera lathu lomwe lino lili ndi umboni wake. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, ndipo mu 1939 pamalo omwewo padayamba seminale yaikulu imene idaphunzitsa ansembe a mbali zonse ziwiri za malire. Anyamata ankachoka kutali kubwera kuno kudzafunafuna cholinga cha moyo wawo, kuno komwe ife tikuti kulibe kanthu! Mmodzi mwa amene adaphunzitsa pa Kachebere ndi Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972. Iwowa adakhulupirira kuti Mpingo si wa ansembe okha, ndipo pa sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975 adalimbikitsa miphakati, kuti akhristu oyandikana nyumba azipemphera pamodzi, kuyendera odwala, kuphunzitsana ndi kusenzerana mavuto. Boma la nthawi imeneyo lidaikayikira miphakatiyi, ndipo mu 1976 Ambuye Kalilombe adakakamizika kutuluka m'dziko. Iwo adamwalira mu 2012, koma miphakati ilipobe mpaka lero, ku Guilleme, ku Ludzi, ku Kapiri ndi m'maparishi ena onse.

Tsono chinthu chimene Episkopi adavutikira chotere, ife tachisiyira ndani? Pitani ku mphakati pakati pa sabata mukaone. Mukapeza amayi ndi agogo, ndi tiana tochepa tokhala pamphasa. Achinyamata timaoneka pa chikondwerero cha makwaya, titavala yunifomu yochapa bwino, kenako zii. Ambiri tikangolandira Ulimbitso timayesa ngati talandira setifiketi yotsazikira. Chonsecho sakramenti limeneli ndi lotituma ku ntchito.

Apa akuluakulu a Mpingo nawonso asathawe mlandu. Ngati ntchito yokhayo imene wachinyamata amapatsidwa ndi kutchetcha udzu ndi kunyamula mabenchi pamene kukubwera Ambuye Episkopi, tisadabwe akamaona kuti safunika. Mtsikana amene amatha masamu angathe kusunga buku la chuma cha mphakati. Mnyamata wa kabaza amadziwa nyumba iliyonse imene muli wodwala, kuposa momwe katekisti angadziwire. Bwanji osamupempha kuti atsogolere oyendera odwala? Kizito Woyera adafera chikhulupiriro ku Namugongo mu 1886 ali mnyamata wa zaka pafupifupi 14. Mpingo umene umamulemekeza pa guwa sungamanene kuti wa zaka 20 ngwamng'ono kuti atsogolere mapemphero.

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ena mwa ife adzapitadi kunja, ndipo Mulungu awatsogolere. Kumenekonso akapeza Mpingo wowafuna. Koma lero tili kuno, ndipo m'mudzi mwathu muli gogo amene denga lake likudontha, muli mwana amene sakudziwa kuwerenga, muli mnzathu amene kachasu akumumaliza ife tikuonerera. Sabata ino, mukamva kuti mphakati ukukumana kunyumba kwa uje, pitani msanga, ndipo mapemphero akatha musathamangire kutuluka. Funsani atcheya kuti wodwala ndani, ndipo akukhala kuti.