CHIKALATA CHA ZOFUNA ZATHU: MANKHWALA OPOPERA A MPHUMU APEZEKE M'ZIPATALA ZONSE ZA RUMPHI

Kwa: Bwanamkubwa wa Boma la Rumphi
Kudzera kwa: Mkulu wa Zaumoyo m'Boma
Kope: Nduna ya Zaumoyo, Komiti ya Zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo, Aphungu onse a m'boma lino, Themba la Mathemba Chikulamayembe

Bwana,

Ife odwala mphumu ndi matenda ena okhalitsa a m'mapapo, pamodzi ndi makolo komanso otisamalira, tabwera ndi zofuna zathu. Ndime 13(c) ya Malamulo Aakulu a dziko lino imapereka kwa boma udindo wosamalira umoyo wa anthu ake. Tikufuna udindowo uoneke kuno.

Mavuto athu mukuwadziwa. Utsi wa nkhuni m'makhitchini, fumbi la fodya m'zigafa, fumbi la malasha m'migodi ndi chisanu cha m'mphepete mwa Nyika zimatitsekera chifuwa chaka ndi chaka. Munthu akabanika usiku, chopopera cha salbutamol chimam'tsegula m'mphindi zochepa. Koma ambiri tikapita kuchipatala timabwerako ndi kapepala koti tikagule tokha, kapena mapiritsi ochedwa kugwira ntchito omwe amanjenjemeretsa thupi. Chopopera cha beclomethasone, chomwe chimateteza kuti mphumu isayambike, ambiri sitinachionepo. Amene achipeza sauzidwa kagwiritsidwe kake, ndipo mankhwala amathera pa lilime osafika m'mapapo. Mankhwala onse awiriwa ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Si zapamwamba ayi.

TIKUFUNA IZI:

1. Pasanathe masiku 14, mutipatse polemba chiwerengero cha zopopera zomwe zili pa chipatala chilichonse m'boma lino, ndi zomwe zinaitanitsidwa ku Central Medical Stores Trust m'miyezi 12 yapitayi. Lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, likutilola kufunsa.

2. Pasanathe masiku 30, zopopera za salbutamol ndi beclomethasone zifike pa chipatala chilichonse, kuyambira pa Boma mpaka Bolero, Katowo, Mhuju, Mwazisi, Chitimba ndi Mlowe. Madera a m'mbali mwa nyanja ngati Tcharo, ofikika pa bwato, alandire za miyezi itatu nthawi imodzi.

3. Wodwala asatuluke pa windo la mankhwala asanaonetsedwe kapoperedwe: kukhutchumula chopopera, kutulutsa mpweya, kupopera uku akukoka mpweya pang'onopang'ono, kuugwira kwa masekondi 10, ndi kuchukucha m'kamwa akapopera beclomethasone. Malangizowa aperekedwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndipo apachikidwe pa khoma pasanathe masiku 45.

4. Mwana aliyense wodwala mphumu apatsidwe kachubu kothandizira kukoka mankhwala. Komwe kulibe, azaumoyo aphunzitse makolo kukonza kake ndi botolo la pulasitiki la 500 ml. Izi ziyambe pasanathe masiku 45.

5. Wodwala amene akupopera salbutamol pafupipafupi, kapena akudzuka usiku ndi befu, aunikidwenso ndi kupatsidwa mankhwala oteteza. Kumangomuwonjezera chopopera chotsegula chifuwa n'kumusiya pa ngozi.

6. Pasanathe masiku 60, pakhale tsiku lokhazikika mwezi uliwonse loonera odwala mphumu pa chipatala chilichonse, ndi kaundula wa maina awo, kuti poitanitsa mankhwala muzitsata chiwerengero cha odwala.

7. Pasanathe masiku 90, ogwira ntchito m'migodi ya malasha ndi alimi a fodya omwe akhala akutsokomola kwa nthawi yaitali ayezedwe mapapo komanso chifuwa chachikulu, kwaulere. Ofunika kuonedwa ndi madokotala aakulu atumizidwe ku Mzuzu Central Hospital pa galimoto ya boma.

8. Mgwirizano wa boma ndi zipatala za CHAM m'boma lino uphatikizepo odwala mphumu, kuti okhala kufupi ndi zipatala za mishoni asamalipire zopopera.

Zonsezi zikhale zitatheka chisanu cha June chisanayambe. Pa tsiku loganizira matenda a mphumu pa dziko lonse, Lachiwiri loyamba la mwezi wa May, tikufuna mudzaime pamaso pa anthu a Rumphi n'kunena zomwe mwachita pa mfundo iliyonse.

Yankho lanu lolemba litipeze pasanathe masiku 14. Likapanda kubwera, tikadandaula ku Ofesi ya Ombudsman ndi ku Komiti ya Zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo, ndipo tidzaguba mwamtendere, motsata malamulo, kufika pa ofesi yanu.

Ndife,
Odwala mphumu, makolo ndi osamalira odwala a m'boma la Rumphi

Maina, masaini ndi zidindo za mafumu athu zili pa mapepala omwe taphatikiza.