Makompyuta amphamvu saononganso magetsi ngati kale, koma njala yao ikukulabe

Makompyuta akuluakulu ochedwa supercomputer, amene amagwiritsidwa nchito polosera za nyengo ndi pofufuza mankhwala, tsopano amacita masamu oculuka zedi pa wati iliyonse ya magetsi kusiyana ndi kale. Komabe magetsi onse amene makinawa amafuna akunka nakwera.

Nkhani ya magetsi inayamba kudetsa nkhawa akatswiri ca m'ma 2005. Isanafike nthawiyo, opanga makompyuta akacepetsa tizipangizo ta m'kati, liwiro linali kukwera popanda kuonjeza magetsi kwambiri. Njira imeneyi itafika pamapeto, makina anayamba kutentha mopitirira muyeso. Ici ndico cinacititsa kuti m'caka ca 2007 akatswiri a pa Virginia Tech ku America ayambe mndandanda wochedwa Green500, umene umaika makina pa mzere molingana ndi nchito imene amagwira pa wati imodzi.

M'caka cimeneco, makina a IBM amene anatsogola anali kucita masamu 357 miliyoni pa sekondi pa wati imodzi. Mu 2024, makina ochedwa JEDI a ku Jülich m'dziko la Germany anapyola masamu 72 biliyoni, kutanthauza kuwirikiza pafupifupi ka 200. Zimene zathandiza kwambiri ndi tizipangizo tochedwa GPU, timene timacita masamu ambiri panthawi imodzi, komanso kuziziritsa makina ndi madzi m'malo mwa mphepo.

Koma nkhani siithera pamenepo. Mu 2008, makina a Roadrunner ku Los Alamos anali kudya mamegawati opitirira pang'ono awiri. Makina a Frontier, amene anatsogola pa liwiro mu 2022 ku Oak Ridge, anali othamanga kuposa Roadrunner ka 1,000, ndipo anafuna mamegawati 21. El Capitan wa ku California, amene anatenga malo oyamba mu Novembala 2024, anafuna pafupifupi mamegawati 30. Kuti timvetse bwino kukula kwake, malo opangira magetsi a pa Victoria Falls ku Livingstone angathe kutulutsa mamegawati 108, conco makina amodzi okhawa angatenge gawo loposa limodzi mwa magawo anai.

Cifukwa cake n'cakuti magetsi amene apulumutsidwa samasungidwa. Masamu akachipa, maiko ndi makampani amamanga makina okulirapo kuti agwire nchito zimene kale zinali zosatheka, monga kuphunzitsa makina oganiza ngati munthu, amene ambiri amawacha AI.

Motero mpikisano wa makompyuta amphamvu wasanduka mpikisano wa magetsi. Dziko lofuna makina otere liyenera kukhala ndi magetsi osadukizadukiza usana ndi usiku, pamodzi ndi njira zoziziritsira. Kwa maiko odalira madamu monga Zambia, imene inaona kuzimazima kwa magetsi pa cilala ca 2024, funso la magetsi liyenera kuyankhidwa coyamba, makina asanagulidwe.