Lembetsani dzina la hotela mbava zisanalitole

Mbava zina za masiku ano sizithyola chitseko. Zimangolembetsa dzina la hotela ya eni ngati adiresi yawo ya pa intaneti, n'kumakolola alendo ofuna chipinda, kapena kuuza mwini dzina kuti aliwombole ndi ndalama zankhaninkhani.

M'chaka cha 2010 kampani ya InterContinental, mwini wa mahotela a Holiday Inn, idalanditsa maadiresi oposa 1,500 m'manja mwa munthu mmodzi. Nkhaniyi idaweruzidwa kubungwe la WIPO ku Geneva, potsatira malamulo omwe adakhazikitsidwa mu 1999.

Kuti wodandaula apambane ayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti adiresiyo ikufanana ndi dzina la malonda ake, kuti winayo dzinalo silimukhudza, komanso kuti adalilembetsa n'kumaligwiritsa ntchito mwachinyengo. Kungotsegulitsa mlandu wochepetsetsa ndi madola 1,500, osawerengera za maloya.

InterContinental ndalama zotere ili nazo. Nanga mwini kamalo kogona alendo ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay akazitenga kuti?

Chaona mnzako chapita, mawa chili paiwe. Eni malo ogona, lembetsani dzina lanu kuboma ndi pa intaneti pomwe, utoto wa pachikwangwani usanaume.