MBALE YA MSUZI IYAMBIRA KU MUNDA

Mu mzinda wa Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, kunja kusanace nthunzi imakhala itayamba kale kutuluka m'tinyumba todyeramo ta m'makomboni. Pakhomo pamakhala mphika waukulu, ndipo mai wa pa nyumbapo amakhala akucotsa thovu pamwamba pa msuzi umene wakhala pa moto kuyambira usiku. Dzuwa likamatuluka, timipando tatifupi ta pulasitiki timakhala titadzaza. Kalaliki wa m'boma, mmisiri womanga nyumba, mwana wa sukulu ndi nkhalamba yoyendera ndodo amakhala mogundana mawondo, aliyense ataweramira mbale yake. Cakudya cimene onsewa amadzera cichedwa pho.

Pho ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe ophikidwa maola ambiri pamodzi ndi anyezi ndi jinja zoocha, ndiponso zokometsera zina zonunkhira. Mu mbale amayamba kuikamo tizingwe toyera topangidwa ndi ufa wa mpunga, pamwamba pake nyama yoceka mopyapyala, kenaka nkuthirapo msuzi wowira. Wakudya amadzifinyira yekha ndimu ndi kuonjezera tsabola monga afunira. Kukoma kwina kumacokera ku nuoc mam, madzi a tinsomba tonga kapenta timene amatisanjika ndi mcere m'migolo kwa miyezi yambiri. Nyumba zambiri zotere zimagulitsa cakudya ca mtundu umodzi wokha, ndipo nchito yake ndi ya banja lonse: mai agawa msuzi, bambo aceka nyama, ana atsuka mbale.

Alendo akadya amatama dzanja la wophika, ndipo nkoyenera kutero. Koma coonadi cimene ambiri amaiwala ncakuti mbale imeneyi siyambira pa mafuwa ai, iyambira ku munda. Kanyumba kodyeramo ka m'komboni ndi kalilole woonetsa m'mene dziko likhalira ndi alimi ake. Mlimi akamapindula ndi thukuta lake, mbale ya m'tauni imadzaza. Akamangidwa manja, mbaleyo imasanduka madzi. Mbiri ya Vietnam icitira umboni mau amenewa.

Pho anayamba kudziwika cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ku Hanoi ndi ku Nam Dinh, kumpoto kwa dzikolo. Olemba mbiri ambiri amati atsamunda a ku France, pokonda nyama ya ng'ombe, anacititsa kuti mafupa acuruke m'misika, ndipo anthu osauka anawasandutsa cakudya. Mu 1954, pamene dziko linagawidwa pawiri, anthu pafupi-fupi 1,000,000 anasamukira kumwera, natenga msuzi wao kupita nao ku Saigon.

Kumpoto, boma linasonkhanitsa minda, ng'ombe ndi makasu m'makopaletivu, ndipo zakudya zinayamba kugawidwa ndi makuponi. M'zaka za nkhondo ndi America, nyumba zodyeramo za boma zinafika pogulitsa pho wopanda nyama. Anthu a ku Hanoi, poseka tsoka lao, anamucha "pho wopanda woyendetsa", kutengera ndege za America zouluka popanda munthu m'kati. Nkhondo itatha mu 1975, boma linafuna kucita cimodzi-modzi ndi minda ya kumwera. Alimi anagwa mphwayi, cifukwa wakhama ndi waulesi anali kulandira zosasiyana kweni-kweni. Dziko la mpunga linayamba kuitanitsa cakudya kunja, ndipo mabanja anali kusakaniza mpunga wocepa ndi cinangwa ndi mbatata.

Sikuti luso la kuphika linatha. Anthu amene anathawa dzikolo pa mabwato m'zaka zimenezo anakatsegula tinyumba todyeramo ku California, ku Paris, ku London ndi ku Sydney, ndipo mbale zao zinali zodzaza ndi nyama. Manja anali omwewo, maphikidwe omwewo. Cimene cinasowa kwao cinali ca kumunda.

Panali munthu wina amene anaona vuto limeneli msanga. Kim Ngoc, mkulu wa cipani m'cigawo ca Vinh Phuc, mu 1966 analola kuti mabanja apatsidwe zigawo za minda kuti azizisamalira okha. Zokolola zinacuruka, koma akulu-akulu a ku likulu anamudzudzula, ndipo njira yake inaletsedwa. Iye anamwalira mu 1979 asanaone kuti dziko lonse lidzatsata mapazi ake.

Mu 1986 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti oposa 700, ndipo mu December caka cimeneco msonkhano waukulu wa cipani unavomereza njira yatsopano yochedwa Doi Moi, kutanthauza kukonzanso. Mu April 1988, pamene zigawo zina za kumpoto zinali pa njala, lamulo lochedwa Resolution 10 linapereka minda kwa mabanja kwa zaka 15, ndi ufulu wogulitsa zotsala pambuyo pa kupereka gawo la boma. Mu 1989, dziko limene dzulo lake linali kupempha linagulitsa kunja matani a mpunga 1.4 miliyoni, ndipo makuponi anathetsedwa. Lamulo la malo la 1993 linapatsa mlimi mphamvu ya kusiyira ana ake munda, kuubwereketsa kapena kuuika cikole. Mu 2023 mpunga wogulitsidwa kunja unapitirira matani 8 miliyoni. Nthaka inali yomweyo, mitsinje yomweyo, alimi omwewo. Cimene cinasintha ncakuti wolima anadziwa kuti zimene akolola nzake.

Pamenepo nyama inabwereranso mu mbale, ndipo tinyumba todyeramo tinamera m'misewu yonse ngati bowa wa m'dzinja. Mu May 2016, Barack Obama, ali mtsogoleri wa America, anakhala pa kampando ka pulasitiki m'nyumba ya Bun Cha Huong Lien ku Hanoi pamodzi ndi Anthony Bourdain, wofalitsa nkhani za zakudya pa wailesi ya kanema. Anadya nyama ya nkhumba yoocha pa makala ndi tizingwe ta mpunga, ndipo Bourdain analipira madola 6 okha pa cakudya ca onse awiri. Mu 2024 boma la Vietnam linalemba pho wa ku Hanoi ndi wa ku Nam Dinh m'kaundula wa cuma ca mwambo wa dziko. Cakudya ca mafupa, cimene cinayamba ndi osauka, cinakhala ulemu wa mtundu wonse. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Ena anganene kuti mau awa apeputsa nchito ya boma, ndipo ali ndi mfundo. Ufulu wa mlimi pawokha sukanatha kubala mpunga popanda ngalande za madzi, makoma ochinga kusefukira kwa mitsinje, mbeu zocha msanga ndi misewu yofika ku msika, zimene zambiri boma ndilo linakonza. Ndiponso si zonse zimene zinalongosoka. Mu 2016 ndi mu 2020 cilala cinacititsa kuti madzi a mcere a m'nyanja alowe m'minda ya ku mathiriro a mtsinje wa Mekong, nkhokwe ya dzikolo, ndipo alimi ambiri anataya mbeu zao. Anyamata ndi atsikana ambiri asiya midzi kupita ku mafakitale, pakuti mpunga sulemeretsa mwini kamunda kakang'ono. Koma zimenezi sizigwetsa mfundo, ziilimbitsa. Ngalande zinalipo ngakhale m'masiku a msuzi wopanda nyama, ndipo sizinathandize kufikira mlimi atamasulidwa. Boma ndi mlimi ali ngati mafuwa a mphika umodzi: limodzi likacoka, ndiwo zitayika. Tsiku limene mlimi wa ku Mekong adzatope, mphika wa ku Hanoi udzayambanso kusukuluka.

Akulu-akulu a m'Zambia amene akumbukira mizere ya ufa ndi makuponi a mu 1989 sadzaona nkhani imeneyi ngati ya kutali. Mlimi wa mpunga ku Chama, wa nshawa ku Chipata, ndi mai woweta nkhuku ku Katete ayenera kudziwa kuti wophika nsima ya malonda pa msika adalira iwo, monga wophika pho adalira mlimi wa kwao. Cimene mlimi afuna si cifundo, koma mtengo wabwino, malipiro a pa nthawi yake, ndi citsimikizo cakuti munda wake sudzalandidwa. Ndipo munthu wa m'tauni amene atsutsana ndi wogulitsa kufikira atamukhomerera pa mtengo, akumbukire kuti ndalama imene wapulumutsayo yacoka m'thumba la wina amene anagwira khasu.

Ku Hanoi, nthawi ya m'mawa ikapita, mphika umauma ndipo mai amatseka citseko, cifukwa msuzi wa tsikulo watha. Wobwera mocedwa amauzidwa kuti abwere mawa. Mai ameneyo angathe kulonjeza za mawa cifukwa kwina kwake, kutali ndi mzinda, kuli munthu amene wadzuka kulowa m'matope a munda wake, podziwa kuti zimene adzakolola nzake.